Chikalata ndili nacho, koma dzina langa lili mu holo yaikulu

LACHIWIRI USIKU

Tadala, 19:42
Moni nonse. Pepani ndikulowa ndi nkhani yaitali. Ndine uja ndinabwera ndi mandasi olimba pa chikondwerero cha Tsiku la Anakubala, ndinafika kuno ku UK mu Seputembala kudzachita Masters. Ndine wachialubino, maso anga saona patali ndipo zilembo zing'onozing'ono zimavina ndikaziyang'ana nthawi yaitali. Sabata yachiwiri nditafika ndinalembetsa ku ofesi yoona za ophunzira aulumali. Zonse zinali za pa intaneti: kudzaza fomu, kutumiza kalata ya dokotala wa maso, kusankha tsiku locheza nawo pa vidiyo pa Teams. Mu Okutobala chikalata chinatuluka chonena kuti pa mayeso ndizipatsidwa nthawi yoonjezera 25%, pepala la zilembo zikuluzikulu ndi chipinda chopanda magetsi othobwa m'maso. Mtima unakhala pansi. Lero ndandanda wa mayeso a Januwale watuluka, dzina langa lili mu holo yamasewera limodzi ndi wina aliyense, mpando 214, maola awiri basi. Ndaphonya pati abale?

Yamikani, 19:44
Mandasi aja ndikuwakumbuka chemwali, ngakhale mano anga sanaiwale. Koma nkhani iyi ndi ya a Mphatso, dikirani atulukire.

Tadala, 19:46
Nachi chithunzi cha tsamba langa la pa portal, paja timalowa pa intaneti kuona za sukulu, mwina wina aona chimene ine sindikuona.

Mphatso, 19:58
Ndafika. Chemwali, foni yanga ikungondiuza kuti mwatumiza chithunzi, zili m'katimo sikundiuza. Ine sindiona, ndimawerenga ndi makutu. Ndilembereni mawu amene ali pamwamba pa tsambalo, mmodzimmodzi, kuyambira kumanzere.

Tadala, 20:01
Iii pepani achimwene, manyazi andigwira. Ine ndemwe ndikudandaula za maso n'kukutumizirani chithunzi. Pali My details, kenako Documents, kenako Support plan, kenako Appointments. Basi.

Yamikani, 20:03
Ayi si basi. Pachithunzipo ndikuona kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja kuli mawu ena otuwa, ngati ofufutika, akuti Exam arrangements. Mwina mwakulitsa tsamba ndiye akubisala.

Tadala, 20:09
Mayo ine. Ndimakulitsa tsamba kufika 200% kuti ndiwerenge, ndiye mawuwo amathawira kunja kwa sikirini. Ndachepetsa, ndawapeza. M'katimo muli maphunziro anga atatu, lililonse ndi kabokosi kake koti ndidine, ndipo pansi alemba kuti tsiku lomaliza linali Lachisanu lathali, 5 koloko madzulo. Manja anga akunjenjemera.

Mphatso, 20:15
Pumani kaye. Dzenje limeneli ndinagweramo chaka changa choyamba, ndipo ndikudziwa anthu ena awiri amene anagweramo. Chikalata chija chimangonena zimene mukuyenera kulandira. Malo a mayeso sichisungitsa. Sukulu zina kuno zikangokupatsa chikalata, ofesi ya mayeso imakonza yokha zonse mpaka udzamalize. Zina zimafuna kuti semesita iliyonse ulowe pa portal n'kutsimikiza phunziro lililonse palokha. Yanuyo ndi ya mtundu wachiwiriwu, ngati yanga. Tsiku locheza lija amakuuza, koma amakuuza pakati pa zinthu makumi awiri, iwe mutu uli pa lendi ndi kuzizira.

Nabanda, 20:31
Tadala mwana wanga, ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya mayeso pa yunivesite ina, osati yanuyo, ndiye ndikuuze mmene zimakhalira kuseri. Tsiku lomaliza lija silongokhaulitsa anthu. Tikatseka, timatulutsa mndandanda wa onse amene atsimikiza, ndipo pa mndandanda umenewo ndi pamene timagawira zipinda, kupeza oyang'anira mayeso, ndi kuuza aphunzitsi kuti atumize mapepala msanga kuti ena asindikizidwe pa mapepala akuluakulu a A3 kapena asinthidwe kukhala oti kompyuta iwerenge. Holo ya anthu 300 imafuna oyang'anira ochepa, koma tizipinda khumi ta munthu mmodzimmodzi timafuna anthu khumi. Amene sanadine, kompyuta imangomuponya mu holo, siyiganiza. Koma pakati pa Novembala ndi Januwale pali nthawi, ndipo amene amakonza zimenezi ndi anthu. Wachedwa masiku anayi okha. Lemba imelo usiku uno, usadikire mawa.

Tadala, 20:33
Ndilembe chiyani mayi? Ndipepese?

Nabanda, 20:44
Upepese chiyani? Chiganizo chimodzi chokha chonena kuti tsiku lakupitirira. Ife Amalawi tikamalemba kwa akuluakulu timayamba ndi ndime ziwiri za ulemu, munthu wa mu ofesi ali ndi maimelo 200 safika n'komwe pa chimene ukufuna. Pamutu pa imelo ika nambala yako ya sukulu ndi mawu oti late exam arrangements. M'kati lemba makodi a maphunziro atatuwo ndi masiku ake, phatikiza chikalata chako, unene kuti batani la Exam arrangements silimaoneka ukakulitsa tsamba chifukwa cha vuto lomwelo la maso limene iwo akulidziwa, ndipo uike chithunzi chija monga umboni. Tumiza ku ofesi ya aulumali, ofesi ya mayeso ndi mphunzitsi wokuyang'anira, onse pa imelo imodzi, kuti wina asadzati sindinamve. Ndipo utumize kuchokera pa imelo ya sukulu, osati ya Gmail. Fufuzanso mu imelo ya sukuluyo, ndikhulupirira anakukumbutsa kawiri kapena katatu, uthenga unakwiririka pakati pa zoitanira anthu ku yoga.

Tadala, 20:52
Ndaupeza. Unabwera pa 3 ndi pa 10. Sindinautsegule.

A Gondwe, 21:10
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndifunse ngati munthu wamkulu, musandinyoze. Ine kuno ndakhala zaka 19, unamwino ndinaphunzira konkuno ndili ndi ana atatu, usiku ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Palibe anandionjezerako ngakhale mphindi imodzi. Masiku ano ndikumva kuti ana ambiri akulemba mayeso m'tizipinda tawotawo. Kodi pamapeto pake digiri ya amene walemba maola awiri ndi theka ndi ya amene walemba maola awiri n'chimodzimodzi? Sindikunena za mwana uyu yekha ayi. Koma ife tinakhoza MSCE ndi koloboyi.

Yamikani, 21:12
Koloboyi yafika. Tatsala pang'ono kumva za mtunda wa makilomita khumi wopita kusukulu opanda nsapato.

Mphatso, 21:29
Yamikani taleka, funso la bambo ndi labwino, ambiri amaliganiza koma salinena. A Gondwe, ndikufotokozereni mmene ndimalembera ine. Ndimakhala pa kompyuta ya sukulu yopanda intaneti, ndavala mahedifoni, pulogalamu ya NVDA ikundiwerengera funso. Inu mukapatsidwa tebulo la manambala, maso anu amalumpha kuchoka pamwamba kufika pansi, n'kubwerera pa funso, m'kuphethira kumodzi. Ine ndiyenera kumvera kabokosi kalikonse motsatana, ndikaiwala mutu wa mzere ndibwerere kukaumvanso. Funso limene inu mwaliwerenga mphindi imodzi ine landitengera zinayi, ndisanayambe n'komwe kuganiza yankho. Nthawi yoonjezerayo imathera pamenepo, sindiiona. Mafunso ndi omwewo, wochonga ndi yemweyo, ndipo sadziwa n'komwe kuti pepala ili ndi langa chifukwa palibe dzina, pali nambala. Ndili ku Chilanga ku Kasungu tinkalemba pa makina a Perkins, ndipo nawonso a MANEB ankatipatsa mapepala a Braille. Sizinayambire kuno zimenezi.

Tadala, 21:36
Ine bambo pepala ndimaliika pafupi ndi mphuno, ndimaona mawu atatu kapena anayi nthawi imodzi. Pakatha ola limodzi pansi pa magetsi oyera aja mutu umayamba kugunda ndipo misozi imangotuluka. Pa maola awiri 25% ndi mphindi 30 basi. Kwathu ndinakhala kutsogolo kwa kalasi kuyambira Sitandade 1, ndikukopera manotsi kwa mnzanga nthawi yopuma chifukwa pabolodi sindinkaona, ndipo sindinapemphepo kanthu. Kuno ndi koyamba.

A Gondwe, 21:50
Ndamva. Za tebulo la manambalazo sindinaziganizepo. Komabe ndikuti alipo ena amene amangopezerapo mwayi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Lemba imeloyo mwanawe.

Nabanda, 21:58
Ndionjezere pang'ono kuti Tadala asalembe ngati wopempha mchere kwa aneba. Ku England, Scotland ndi Wales kuli lamulo la Equality Act la 2010, limene limalamula mayunivesite kusintha zinthu moyenera kuti wophunzira waulumali asatsalire, ndi zimene amati reasonable adjustments. Lamuloli silifunsa pasipoti, wophunzira wochokera kunja nayenso limamuteteza. Ku Northern Ireland ali ndi malamulo awo osiyana. Chimene ambiri a ife sitingapeze ndi ndalama zija zothandizira ophunzira aulumali, za Disabled Students' Allowance, chifukwa zimatsata malamulo a amene ali woyenera thandizo la boma la ophunzira, ndipo wobwera pa viza ya sukulu salowamo. Ndiye ukafuna chida monga galasi lamagetsi lokulitsira zilembo, funsa ofesi yomweyo ngati ili ndi thumba la ophunzira akunja kapena zida zobwereketsa, ufunsenso amene akukulipirira sukulu.

LACHITATU

Mayi a Chisomo, 06:47
Mwadzuka bwanji nonse. Nkhaniyi ndaiwerenga m'basi ndikuchokera ku ntchito yausiku ndipo yandikhudza. Mwana wanga wamwamuna wayamba chaka choyamba, ali ndi khunyu kuyambira ali ndi zaka 9. Mankhwala amamwa, koma akasowa tulo kapena akapanikizika amagwa, ndipo nthawi ya mayeso ndiye yoopsa. Ndamuuza kuti akalembetse, wakana. Akuti iye si wolumala, ndipo safuna kuti aphunzitsi onse azimuyang'ana ndi maso achisoni. Bambo ake nawonso akuti zikalembedwa pa kompyuta zidzamutsatira pofuna ntchito. Ndichite bwanji? Kodi ine ndingalowe pa portal ndi kumulembetsa?

Nabanda, 07:20
Mayi, inu simungathe. Akakwana zaka 18 sukulu imalankhula ndi iye yekha, ngakhale fizi mukulipira ndinu. Mutaimba foni adzakumverani mwaulemu koma sadzakuuzani kanthu pokhapokha iye atavomereza. Koma muuzeni izi: nkhani za umoyo zimatetezedwa mwapadera ndi malamulo a kuno osunga chinsinsi. Kalata ya dokotala imakhala ku ofesi ya aulumali. Pa fomu pamakhala malo osankha amene angauzidwe ndi zimene angauzidwe. Kwa ife a mayeso nthawi zambiri zimangofika kuti nambala yakutiyakuti, nthawi yopuma, chipinda chaching'ono. Pa satifiketi ya digiri sipalembedwa chilichonse. Za khunyu zokha ndingamulangize kuti alole woyang'anira mayeso adziwe, kuti akagwa asasokonezeke, adziwe zomugoneka cham'mbali ndi kusamuika kanthu m'kamwa.

Mphatso, 07:41
Vuto lina ndi liwu lenilenilo. Kwathu tikati wolumala maganizo amathamangira pa njinga ya olumala ndi ndodo yoyera. Kuno lamulo limayang'ana ngati vutolo likusokoneza kwambiri zochita za tsiku ndi tsiku ndiponso ngati latha kapena litha miyezi 12. Khunyu, sickle cell, matenda a nkhawa, vuto la kuwerenga lija la dyslexia, zonsezi zimatha kulowa. Ndipo ndinene izi chifukwa m'gulu muno tilimo anthu oposa zana ndipo si onse angafunse poyera: HIV, khansa ndi multiple sclerosis lamulo limaziwerengera kuyambira tsiku limene dokotala wakupeza nazo, ngakhale ukuoneka wathanzi. Ngati masiku a kuchipatala akugundana ndi makalasi, uli ndi poyambira.

Muuzeni mnyamatayo kuti nthawi yopuma ndi yosiyana ndi nthawi yoonjezera. Wotchi imaimitsidwa, iye amatembenuza pepala, akapuma wotchi imayambiranso. Sapatsidwa mphindi yolembera yoposa anzake. Mwina zimenezo zingamukhazike mtima pansi ngati akuopa kuoneka wokonderedwa.

Mayi a Chisomo, 07:55
Zikomo achimwene. Ndimutumizira uthengawu mmene ulili. Ine ndikalankhula amati amayi mwayambanso.

Yamikani, 08:30
Chenjezo kwa amene akukafuna kalata kwa GP, dokotala wa m'dera lanu: ambiri amalipiritsa, akuti kulemba kalata si ntchito ya NHS, bungwe la zipatala za boma. Ine anandiuza mtengo ndinaseka ndekha, munthu nditalipira kale £776 pa chaka ya zaumoyo pofunsira viza. Ndinangosindikiza mbiri yanga ya kuchipatala kuchokera pa NHS App, ofesi inalandira. Yambani mwafunsa ofesi kuti imalandira umboni wanji musanatulutse ndalama.

Nabanda, 08:48
Zoona. Ndipo zinthu zasinthako kuchokera mu 2024, pamene High Court inagamula mlandu wokhudza yunivesite ya Bristol. Chigamulocho chinaonetsa kuti sukulu singangokhala manja lende n'kumadikira kalata ya dokotala pamene aphunzitsi akuona okha kuti wophunzira ali pa vuto. Sukulu zambiri tsopano zimayamba kuthandiza umboni ukubwera m'mbuyo. Choncho amene makalata ake anatsala ku Lilongwe m'chikwama cha amayi ake asaleke kulembetsa chifukwa cha zimenezo.

Aphunzitsi Kumwenda, 09:15
Ine ndinabwerera kumudzi chaka chatha koma m'gulu simunandichotse, ndiye ndilankhule. Ndikuwerenga izi ndili mu staff room, magetsi atazima. Kuno ku Malawi mwana waulumali zake zimayenda ngati pali mphunzitsi mmodzi womukumbukira, kawirikawiri uja anaphunzira ku Montfort ku Nguludi. Iyeyo ndiye amaonetsetsa kuti polembetsa mayeso zalembedwa kuti mwanayu afuna Braille kapena zilembo zikuluzikulu. Akasamutsidwa mphunzitsiyo, mwana amatsala pamtunda. Ndili kumeneko ndinkasirira kuti zonse zili pa kompyuta, sizidalira kukoma mtima kwa munthu. Lero ndikumva kuti kompyutayo imabisa batani kwa munthu amene inapangidwira. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 tili nalo kuno, koma tikadzayamba kupanga ma portal athu, oyamba kuwayesa adzakhale a Mphatso ndi Tadala, osati mnyamata wa IT wa maso awiri akuthwa.

Mphatso, 09:34
Aphunzitsi mwandikhudza pachilonda. Pa portal yathu kalendala yosankhira tsiku locheza ndi mlangizi NVDA imangowerenga kuti button, button, button, osatchula tsiku. Chaka choyamba ndinasungitsa Lachinayi ndikuganiza kuti ndi Lachiwiri, ndinakakhala pakhomo pa ofesi ola lathunthu. Pali malamulo a 2018 okakamiza mabungwe a boma kuno kuti masamba awo a pa intaneti akhale oti aliyense angathe kugwiritsa ntchito, ndipo pansi pa tsamba pamakhala accessibility statement yokhala ndi adiresi yodandaulirako. Ndinalemba. Anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti pulogalamuyo anagula ku kampani ina ndipo auza eni ake. Chaka chino ndi chachitatu, ikadali button, button. Ndiye ine ndimangoimba foni, andisungitsire okha.

Tadala, 11:02
Imelo ndinatumiza usiku 22:40. Yankho lobwera lokha likuti ayankha m'masiku asanu ogwira ntchito. Ndingodikira?

Nabanda, 11:10
Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ona ngati ali ndi nthawi yongofika osapangana, ambiri amakhala nayo masana. Pita ndi laputopu yako, ukawaonetse pamaso pawo mmene batani limasowera ukakulitsa tsamba. Akakana, pita ku ofesi ya malangizo ya bungwe la ophunzira, Students' Union, ndi yaulere ndipo siili pansi pa yunivesite. Zikavutitsitsa pali njira yodandaulira m'sukulu momwemo, ndipo pamwamba pake kwa a ku England ndi Wales pali ofesi yoima payokha yomva madandaulo a ophunzira, Office of the Independent Adjudicator. Koma sitifika kumeneko. Chimodzi chokha: usakalowe mu holo ija n'kulemba uli chete poganiza kuti udzadandaula zotsatira zikatuluka. Sukulu zambiri zimati ukakhala pansi n'kulemba ndiye kuti wavomera kuti unali bwino.

LOLEMBA

Tadala, 16:18
Abale ndabwera ndi lipoti. Lachinayi ndinapita. Ndinapeza mtsikana wa pa desiki, ndinatsegula laputopu, ndinakulitsa tsamba, batani linasowa iye akuona. Anaitana mnzake, mnzakeyo anaitananso wina, atatu onse ataweramira laputopu yanga ngati akuona matsenga. Lero ndandanda wasintha. Mayeso awiri a Januwale ali m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, maola awiri ndi mphindi 30, pepala la A3, ndipo andilola kuvala chipewa ndi magalasi anga akuda.

Koma phunziro lachitatu lija si la ofesi ya mayeso. Ndi mayeso a m'kalasi a pa 9 Disembala, amakonza ndi a dipatimenti okha, ndipo pa portal ngakhale ndikanadina sizikanawafika. Akuti ndikalankhule ndi mphunzitsi wa phunzirolo. Bambowo ndi aja oyankhula mothamanga, sindinawalankhulepo chiyambire.

Mphatso, 16:31
Eya, timayeso ta m'kalasi ndi ta pa Moodle, tsamba lophunzirirapo pa intaneti, ndiye timathawa kawirikawiri. Pa Moodle mphunzitsi ayenera kulowa yekha ndi kukuonjezera nthawi pa dzina lako, apo ayi wotchi idzakutsekera limodzi ndi anzako. Mulembereni lero, muphatikize chikalata, ndipo kutatsala masiku awiri mumufunsenso ngati wachitadi. Ndipo mu Febuluwale mukalowenso pa Exam arrangements paja chifukwa cha mayeso a Meyi. Ikani alamu pa foni panopa.

Tadala, 16:35
Ndaika atatu.

Mayi a Chisomo, 17:02
Wanga uja sanandiyankhe kanthu, koma dzulo wandifunsa kuti kalata ya dokotala wake wa ubongo ili kuti. Ndamupatsa osafunsa zambiri.

A Gondwe, 17:40
Tadala, chipinda chakocho chili nyumba iti? Januwale 9 koloko m'mawa kunja kumakhala kukadali mbuu, ndipo pansi pamaterera. Upite ukapaone kusanafike tsikulo. Ngati ndili off ndidzakutenga pa galimoto.

Tadala, 17:44
Zikomo kwambiri bambo. Akuti nyumba ya Law, chipinda 3.07, sindinafikeko. Nayi mapu ake.

Mphatso, 17:45
Chemwali, mwatumizanso chithunzi.